Wamkulu Sabisala Kumbuyo kwa Ana

Alamu anga a Sapuma akalambira pachishalo cha njinga. Ntchito yawo inali yonyamula zigubu za mkaka kuchokera kumakola kupita nazo kufakitale m'mamawa, mkaka usanasase. Onyamula mkaka amayenda mondondozana, ndipo ali ndi lamulo lawo: wamkulu amakhala patsogolo kuti mphepo izimenya iye, ana azibisala kumbuyo kwake. Mwana sadutsa wamkulu. A Sapuma anatsogolera mzere umenewo mpaka imvi zili mbuu.

Kenako maondo anayamba kuwakana. Ine ndimakonza njinga, ndiye ndinkawaona akafika pashedi panga: potsika ankayamba agwira mzati, nkhope itakwinyika. Adokotala anawauza mosapsatira kuti masiku awo opalasa atsala ochepa. A Sapuma atamva kuti kuli mpikisano wa njinga wodutsa chigwa chonse, ndipo wopambana alandira njinga yamoto, anabwera kwa ine maso ali gwa.

"Alamu, imeneyo ndiyo miyendo yanga yatsopano. Ndikaiphonya, ntchito yatha."

Achemwali anga, akazi awo, anawaletsa mpaka mawu kusasa. Kunali kulankhula ndi mwala. Ine ndinangochotsa kaliyala panjinga yawo, ndi kuthira oilo patcheni.

Tsiku la mpikisanolo kunazizira koopsa, chisanu cholowa m'mafupa. Ndinakwera lole yotsatira opalasa, masipanala ali m'thumba. Chigwacho n'chopanda chifundo: palibe phiri, palibe mtengo, minda yokolola kale mbali zonse, msewu wowongoka ngati chingwe, mphepo ikuchokera kutsogolo osaleka.

A Sapuma anachita zomwe thupi lawo linazolowera. Anapita patsogolo. Anyamata ampikisano, ovala zothina, amasinthana potsogolera kuti aliyense apumeko. Ataona mdala wosapempha kulandiridwa, anangondanda kumbuyo kwa tayala lake ngati anapiye. Mtima unandiwawa.

"Alamu, lowani pakati!" ndinakuwa ndili palole. "Akukudyerani masuku pamutu amenewo!"

"Ine ndibisale kumbuyo kwa ana?" anayankha osacheuka.

Mnyamata mmodzi anachita manyazi, n'kufika pambali pawo. "Bambo, pumulaniko, nditsogoleko ine." Iwo anamubweza ndi dzanja. Dzuwa linakwera koma silinafunditse munthu. Milomo yawo inang'ambika, misozi yamphepo ikuyenderera m'masaya, zala zitauma moti botolo la madzi linawapulumuka. Ankapalasabe, msana uli weramu, khamu lonse likupuma kumbuyo kwawo.

Nsalu ya pothera mpikisano itaonekera patali, anyamata aja anaimirira pamapedulo. Anawadutsa uku ndi uku, fyuu, fyuu, ngakhale uja wamanyazi. A Sapuma anatembenuza mutu modabwa, ngati munthu wotukwanidwa pakhomo pake. Anayesa kuimirira nawonso. Bondo lakumanja linangoti phwa, iwo khu pamsewu.

Tinawanyamulira mulole, ndikuwafunditsa jekete langa, mano awo akuguguda. Sanadandaule za bondo kapena za njinga yamoto. Anangoti, "Alamu, andidutsa osapempha n'komwe."

Bondolo silinapindikenso. Atachotsa mabandeji anabwerera kumakola, poti pakhomo pamafunika kudya. Kukwera njinga sakanatha, ndiye anamangirira zigubu n'kumaikankha wapansi.

M'mawa wa tsiku loyambalo ndinali ndikutsegula shedi pamene ndinaona mzere wa onyamula mkaka ukubwera. Onse anali atatsika, akukankha njinga zawo kumbuyo kwa a Sapuma, pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro. Dzuwa linali litatuluka kale, fakitale ikadali kutali. Panalibe wodandaula, panalibe wodutsa.

Atafika pafupi ndi shedi, a Sapuma anaima n'kuyang'ana kumbuyo nthawi yaitali. Kenako anakokera njinga yawo m'mbali, mu udzu wonyowa ndi mame.

"Dutsani, ana anga. Mkaka usasa."

Anyamatawo anakwera mmodzimmodzi, nadutsa maso ali pansi. A Sapuma anagwirabe mahandulo mpaka womaliza atapita, kenako anabwerera mumsewu n'kuyamba kukankha okha.