Mpanda wa Mabwato pa Mlatho wa Chia

Zaka zimene msewu wa m'mbali mwa nyanja unali utangothiridwa phula, ine ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Boma. Makina anga ankagona komweko, koma ine ndinkagona kwathu, tsidya lina la nyanja yaing'ono ya Chia. M'mawa uliwonse ndinkapalasa bwato mpaka pa mlatho, kulimanga m'mabango, n'kukwera basi kapena lole iliyonse imene yaima. Sindinali ndekha. Panali aphunzitsi awiri, mayi wina wophika kuchipatala, amayi ogulitsa mpunga ndi nsomba, ndiponso anthu a tsiku limodzi opita kukhoti kapena kukazonda odwala. Masiku ena mabango aja ankadzaza ndi mabwato.

Vuto linali pobwerera. Umatsika basi utatopa, n'kupeza nkhafi palibe, mwinanso bwato lenilenilo palibe. Wina walitenga osapempha n'kukalisiya kumene akudziwa yekha. Mmodzi wa aphunzitsi aja anataya bwato latsopano, ndipo linakapezeka ku Bua patapita mwezi, atalipaka kale utoto wina. Ine ndinazungulirapo Chia wapansi kawiri, mpaka mapazi anatupa.

Nzeru yomanga mpanda anabwera nayo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Anali mmisiri wosema mabwato, munthu wofatsa, wosaphonya pemphero la Lachisanu kumzikiti. Tsiku lina tikudikira basi anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pamchenga. Tizike mizati ya bulugama m'madzi mozungulira, tisiye khomo limodzi lotseka ndi unyolo ndi loko. Kumtunda timange chisakasa chosungiramo nkhafi ndi njinga, tiikepo mlonda wokhalapo kuyambira basi yoyamba mpaka yomaliza. Aliyense amene anaona chithunzicho anagwedeza mutu kuvomera.

Kupeza zofunika kunatitengera makololo awiri. Nyumba iliyonse yokhala ndi bwato inkapereka debe la mpunga ikamweta. Amayi ankakazinga nsomba Loweruka n'kumagulitsa pamawindo a basi, phindu lake lonse kupita kumpanda. Aphunzitsi analemba kalata yopempha malata ku ofesi ina ku Boma, koma yankho lake silinabwere, choncho tinagwirizana kufolera ndi udzu. Ine ndinasoka mayunifomu a sukulu masabata atatu osatengapo kanthu. Pamapeto pake mpunga tinagulitsa, mizati tinagula, ndipo unyolo ndinakatenga ndekha ku Salima. Unali wolemera moti kondakitala anafuna kundilipiritsa ngati munthu wachiwiri.

Chimene chinatsala ndi malo. Pafupi ndi mlatho panali malo amodzi okha ouma bwino, madzi ake akuya mpaka m'mphepete. Kwina konse kunali matope. Pamalopo ankayanikapo maukonde msodzi wina, monga ankachitira bambo ake asanamwalire. Msodziyu anali mnzanga wa msinkhu umodzi. Tinaphunzira kusambira limodzi, tinakhala benchi limodzi kusukulu ya mishoni mpaka iye anasiya. Anali wamtali, wamapewa aakulu, wosazungulira polankhula.

Alamu anapita kukam'pempha, n'kulonjeza kuti tim'mangira mathandala atsopano oyanikapo maukonde chakumtunda kwa mabango. Iye anakana. Anati kumeneko n'kwa matope ndi ng'ona, ana ake sangamakanyamule maukonde kumeneko. Alamu anabwerako n'kutiuza kuti tidekhe, apitanso, munthu amafewa. Anapita katatu. Unyolo unakhala miyezi pansi pa bedi langa, ndipo anthu amene anapereka mpunga anayamba kundiyang'ana ngati ndaugulitsa.

Ndipamene mmodzi wa aphunzitsi anati tikaonane ndi a tcheyamani a chipani a dera lathu. Masiku amenewo, ngakhale kukumana anthu khumi pansi pa mtengo kunkafuna kuti iwo adziwe. Tinapita alamu osawauza. A tcheyamani anakondwa kwambiri. Anati ichi ndiye chitukuko chodzithandiza, alendo ochokera ku Boma adzabwera kudzaona. Za msodzi uja anangoti, "Zikani mizati. Malo onse ndi a boma."

Tinazika Loweruka, iye ali panyanja. Lolemba m'mawa tinapeza mizati yonse yazulidwa, yasanjidwa bwinobwino kumtunda. Msodzi uja anali atakhala pambali pake akusoka ukonde. Pasiteji panali podzaza amayi ndi madengu awo.

"Iwe, wazula ndiwe?" ndinamufunsa.

"Ndine. Sindinathyole ngakhale umodzi."

"Ukudziwa kuti a tcheyamani anavomereza? Ichi n'chitukuko."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Chitukuko chanucho mukachitire pakhomo pa amanu. Pano ndi pa bambo anga."

Amayi aja anaseka. Wina anachita kuomba m'manja. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti si mizati imene inandipweteka, koma kuseka kuja. Basi inabwera, ine sindinakwere. Ndinalunjika kunyumba kwa a tcheyamani, n'kuwapeza akumwa tiyi pakhonde. Ndinabwereza mawu onse monga anawalankhulira.

"Ndiye kuti watukwana chitukuko?" anandifunsa.

"Eya, bambo."

"Nanga chitukuko mwini wake ndani?"

"Ndi boma."

"Choncho watukwana boma."

Ndinali munthu wamkulu, wa ana atatu, ndipo ndinkadziwa kumene mawu amenewo amafikitsa munthu. Ndinati, "Mwina mukhoza kutero."

Anaika kapu pansi. "Sindikufunsa zimene ine ndingathe. Munalipo ndinu. Watukwana kapena sanatukwane?"

"Watukwana."

Anabwera Lachitatu m'mawa, nthawi ya basi yoyamba. Anali anyamata a chipani, ena a m'midzi yathu yomwe, ena ochokera ku Boma amene sitinkawadziwa. Anaimitsa basi pa mlatho n'kutsitsa anthu onse kuti aone. Ife eni mabwato anatiimika kutsogolo. Msodzi uja anali atangofika kumene, akutula nsomba ndi mkazi wake.

Anayamba ndi maukonde. Anawakokera pansi kuchokera pamathandala, kuwadula ndi zikwanje, kuwaunjika, kuthira parafini. Moto utayaka, iye anakuwa mawu amene sindinamumvepo chibadwire, n'kuwathamangira. Ananyamula mnyamata woyamba ngati thumba n'kumuponya m'madzi. Anamenya wachiwiri chibakera chimodzi, magazi n'kutuluka m'mphuno. Kenako wina anam'dzera kumbuyo n'kum'menya ndi nkhafi m'khosi. Anagwada. Onse anam'gwera.

Anam'ponda m'nthiti ndi nsapato, kum'menya ndi nkhafi kumsana ndi m'miyendo. Nkhafi ina inathyoka, iwo n'kutola ina m'bwato la aphunzitsi. Iye ankaponyabe miyendo, ndipo mwendo umodzi unapeza mnyamata wina pamimba. Mtsogoleri wawo anatembenuka n'kundiloza.

"Atelala, si inu munadandaula? Gwirani mwendowo."

Ndinagwira. Ndinagwada pamchenga n'kukumbatira mwendo wake wakumanzere ndi manja awiri. Unali wonyowa, wozizira, wamamba a nsomba. Nkhafi ikatera, mwendowo unkanjenjemera pachifuwa panga, ndipo ine ndinkaufinya kwambiri. Palibe anandiuza kuti ndifinye. Ndinkaopa kuti ukapulumuka, nkhafi yotsatira itera pa ine.

Atatopa, anam'kokera pa bwato lake lomwe n'kuika dzanja lake lamanja pamlomo wa bwatolo. Mtsogoleri uja anauza anthu a m'basi kuti, "Dzanja lozula chitukuko ndi ili." Anatembenuza nkhafi kuti itere chakuthwa kwake, n'kumenya katatu. Kunamveka ngati munthu akuthyola mitengo youma ya chinangwa. Mayi wina wa m'basi anasanza. Mkazi wa msodzi uja anathamangira pomwepo mwana ali kumbuyo, koma wina anam'tchinga n'kumufunsa khadi la chipani. Asanayankhe anam'waza mbama, anagwa chokhala, mwana n'kuyamba kulira.

Alamu anali atangokocheza nthawi imeneyo. Anadutsa pakati pa anthu osathamanga, n'kugwira nkhafi ija ili m'mwamba.

"Ana anga, zakwana. Mumupha munthuyu."

Mnyamata wina, amene bambo ake alamu anawasemera bwato, anawamenya ndi chidutswa cha nkhafi yothyoka pakamwa. Kofia yawo inagwera m'madzi. Anakhala pansi n'kulavulira m'manja mano awiri. Sanawamenyenso, mwina chifukwa cha imvi, mwina chifukwa galimoto ya boma inali itafika. Msodzi uja anam'nyamula miyendo ndi manja n'kumuponya kumbuyo kwa galimotoyo. Pamene ankam'kweza maso ake anali otseguka, koma sindikudziwa ngati ankaona. Sindinafune kudziwa.

Basi anailola kupita. Ife anatiuza kuti mizati izikidwe tsiku lomwelo. Tinalowa m'madzi, aphunzitsi ndi malaya awo oyera, amayi atakwinya zitenje, utsi wa maukonde ukutilowa m'maso. Mchenga wa magazi tinaukwirira ndi mapazi. Dzuwa lisanapendeke mpanda unali utaima, ndipo unyolo ndinakoleka ndine. Alamu sanagwire mzati ngakhale umodzi. Anatsuka m'kamwa, kukwera bwato lawo n'kubwerera kumudzi.

Sindinganame kuti mpandawo unalephera. Unagwira ntchito monga momwe alamu anajambulira. Palibe bwato linasowanso. Anthu a kumtunda anayamba kusiya njinga m'chisakasa, mlonda tinkam'patsa mpunga, ndipo alendo a ku Boma anabweradi, amayi n'kuvina. A tcheyamani ananditchula pamsonkhano kuti ndine chitsanzo. Ndinaimirira, anthu n'kuomba m'manja. M'mawa uliwonse ndinkamanga bwato langa pamzati wachitatu kuchokera pakhomo, n'kudutsa pamalo paja popita kukakwera basi.

Mlongo wanga sanandilankhule dzinja lonse. Alamu sanamangepo bwato lawo mumpandamo. Ankalisiya m'mabango ngati kale n'kuyenda m'matope, ndipo anawabera nkhafi kangapo. Pokolola ankanyamula mpunga kupita nawo kwa mkazi wa msodzi uja. Za tsikulo anandilankhula kamodzi kokha, tikuchokera kumaliro. Mawu awo anali atasintha chifukwa cha mano aja.

"Alamu, musaganize kuti ndimakuonani olakwa inu nokha. Ine ndinajambula pamchenga, inu munagwira mwendo. Tonse tili momwemo."

Ndinayankha kuti sindinkadziwa kuti zifika pamenepo.

"Munkadziwa," anatero, osakweza mawu.

Msodzi uja anabwerako patapita chaka ndi miyezi. Kumene anali sananene, ndipo palibe anafunsa. Ine ndinangomva kuti watenga banja lake n'kusamukira kwawo kwa mkazi wake, kufupi ndi Bua. Ndinapuma, ndivomere. Ndinaganiza kuti sindidzamuonanso.

Tsiku lina masana ndikusoka, munthu anaima patsogolo pa makina n'kunditchingira kuwala. Nditadzutsa mutu ndinapeza ndi iye. Mapewa aja anali atagwa, tsitsi lachita mbuu. Dzanja lamanja linali lopindika, zala zitatu zitauma moloza uku ndi uku. Anaika malaya awiri pa makina.

"Uchotse mabataniwa. Uikepo zomatira zija zongodina. Ndatopa kuvekedwa ndi mkazi."

Ku Boma kunali atelala ambiri, ena pafupi ndi siteji penipeni. Chifukwa chimene anadutsira onsewo n'kubwera kwa ine sindikuchidziwa mpaka lero. Ndinam'patsa mpando, iye anakana. Anaima pomwepo akuyang'ana manja anga. Ulusi unandivuta kulowetsa m'singano, ntchito imene ndinkaichita nditatsinzina.

"Ana ali bwanji?" ndinafunsa.

"Ali bwino. Wamkulu ndiye amapalasa tsopano. Ine ndimangoloza pomwe pali nsomba."

Ndinamaliza malaya oyamba. Ndinatsokomola, n'kuyamba kuti, "Za tsiku lija, ine..."

"Soka malaya. Basi ya ku Dwangwa indisiya."

Ndinasoka. Nditamaliza anavula malaya amene anavala, pakhonde pomwepo anthu akudutsa, ndipo ndinaona msana wake. Anavala amodzi mwa amene ndinakonza n'kudina zomatira zonse ndi dzanja lamanzere, chimodzichimodzi, kuyambira pansi mpaka m'khosi. Ndinamuuza kuti asalipire. Anapisa m'thumba, kuika ndalama pa makina, kupinda malaya enawo m'khwapa n'kumapita kusiteji, akukoka pang'ono mwendo.

Ndalamayo ndinaisiya pomwepo mpaka nthawi yoweruka. Mwini sitolo potseka anandikumbutsa kuti ndaiwala kanthu pa makina, ndiye ndinaitola n'kuika m'thumba, ndipo ndinalipira nayo basi yobwerera ku Chia.