Khitchini ya Katoni ku Dambe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, amene amagulitsa tomato pa Zalewa. Kasitomala wawo wina, a Nachisale, ankajambula mapulani a nyumba ndipo ankafuna womuthandiza. Ine n'kuti nditatha chaka pakhomo ndi satifiketi yanga yojambula mapulani, mtima uli m'malere. Ndinapita osafunsa n'zambiri zomwe.

Ndinkayembekezera kompyuta. Iwo anandipatsa thumba la feteleza kuti ndikatole zitini, makatoni, mapesi ndi mawaya. Zinandiwawa. Sukulu yonse ija kuti ndizilimbirana dzala ndi nkhuku?

"Pepala silitsokomola," anatero. "Yamba wamanga kakang'ono, uone utsi."

Tinkakonza pulani ya khitchini ya amayi odikirira odwala pa kachipatala kena ka mpingo, kumtunda kwa Dambe. Katoni inali makoma, chitini chophwanya denga, chidutswa cha paipi chumuni. M'katimo tinkayatsa chitsononkho n'kuyang'ana kolowera utsi. Anandituma kuti ndikayesere paphiri pomwepo masiku atatu. Koma phuma langali! Ndinayesa kamodzi muofesi pa boma, utsi n'kukwera bwinobwino, ndipo ndinanama kuti ndapita.

Linakwana tsiku loonetsa komiti ya amayi, mu Julaye, mphepo ya mwera ikuomba. A Nachisale anali atandichenjeza kuti amayiwo akakana, ntchitoyo aipereka kwa ena, ine ndibwerera kwa azakhali. Ndinaika katoni pansi, khomo kuyang'ana kumsewu monga ndinajambulira, n'kuyatsa. Mphepo inalowa pakhomopo, utsi unangozungulira m'kati n'kutulukira pawindo, kumaso kwa wapampando, a Nasibeko.

"Mwanawe," anatero akutsokomola, "ukufuna utiwambe ngati mbewa, eti?"

Onse anafa nako kuseka. Ine manyazi anandigwira. A Nasibeko anagwada, natembenuza katoniyo, n'kutchinga mbali ya mphepo ndi lichero lobooka limene linali poteropo. Utsi unawongoka, kukwera mu paipi.

"Kuno timaphika titafulatira mwera."

A Nachisale anandiyang'ana. "Unabwera kuno iwe?"

"Ayi."

Sanandikalipire. Anakwera galimoto n'kundisiya komweko sabata yathunthu, ine ndi katoni yanga, kuyatsa zitsononkho m'mawa ndi madzulo amayi aja akundiseka.

Khitchiniyo inamangidwa yofulatira msewu, ndipo alendo amati omanga anasokoneza. Mpaka lero sindijambula khomo ndisanaime pamalopo n'kufunsa amene adzaphikemo. Kachitini ka mwaye kaja, denga la katoni ija, kali patebulo panga, pafupi ndi kompyuta imene ndinkaililira.