Buku la Mwana Uja

Buku limeneli ndinalilanditsa m'manja mwa bambo wina amene ankalisuta. Sindikucheza ayi. Mzungu wa pa pulazi yathu, kufupi ndi Raffingora, atathamangitsidwa, mabuku a m'nyumba mwake anatayidwa panja mulu waukulu, ndipo anthu a m'komboni tinatola aliyense lake. Ena ankakolezera moto, ena kukulungira tomato, azibambo kupichirira fodya. Limene ndikunenali chikuto chinali chitapita kale, masamba oyamba atasanduka utsi. Ndinamupatsa bamboyo nyuzipepala zakale, iye n'kundithokoza, akuti pepala la bukulo linkamutsokomoletsa.

Nthawi imeneyo ndinali nditasiyira sukulu mu Fomu 2, ndikugwira ntchito m'shedi yosankhira fodya. Pakhomo tinali atatu: amayi, ine, ndi mwana wa malemu mkulu wanga, kamtsikana ka mu giredi yachitatu. Mkulu wangayo anapita ndi matenda aja amene anasesa komboni yathu, ndipo bambo wa mwanayo anali atasowa kale mimba isanaoneke n'komwe. Mwanayo ankanditchula kuti amayi aang'ono, akakwiya ankazinena m'Chishona, mainini.

Bukulo linali lonenepa, lolembedwa kalekale ku Mangalande, nthawi ya ngolo za akavalo ndi makandulo. Dzina lake ndinadzalidziwa nditakula, koma kwathu linkangotchedwa buku la mwana uja. Chingelezi chake, mayo ine! Chiganizo chimodzi kuyamba pamwamba pa tsamba, kukathera pansi, iwe utaiwala kale kumene chinachokera. Koma nkhani yake inali yosavuta. Mnyamata wamasiye akufotokoza yekha moyo wake: makolo kumwalira, iye kukakhala kwa achibale ogulitsa malasha, kusenza matumba manja ali ming'alu yokhayokha, kudya ena atatha, kumenyedwa chifukwa choyang'ana munthu kumaso. Kenako mayi wina wamasiye, wachuma, anamuona pamsewu, n'kumutenga kupita naye kumzinda, n'kumulowetsa sukulu.

Ndinayamba kuwerenga ndekha Lamlungu masana titachokera kutchalitchi, pamthunzi wa mabulugamu. Amayi anandifunsa chimene chinkandiliza. Nditawamasulira kuti ndi mwana wa mzungu amene wagona ndi njala, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mzungu wanjala? Iwe, usandinamize ndi imvi zangazi."

Lamlungu lotsatira anabwera ndi anzawo awiri kuti adzamve okha. Pasanapite nthawi mphasa zinayamba kuchepa. Ine ndinkawerenga chamumtima ndime imodzi, n'kuinena m'Chichewa, pamene pandivuta n'kuphatikiza Chishona, pamene sindinamve n'komwe n'kulumpha ngati ndikulumpha ngalande. Azimayi ankatukwana achibale a malasha aja ngati akuwaona pamaso. Wina analavula pansi atamva kuti mwana anamanidwa chakudya tsiku la Khirisimasi.

Ndimadzifunsabe kuti chinatikoka n'chiyani, ife anthu a m'fodya, pa nkhani ya kudziko la chisanu. Mwina n'chakuti mwanayo analibe kwawo. Ifenso tinalibe. Agogo anga anayenda wapansi kuchokera ku Dedza, anafera pa pulazi, ndipo ku Dedzako palibe amene akanatizindikira. Anzathu achishona akathamangitsidwa ankanyamula katundu kupita kumusha, kumudzi kwawo. Ife mabhurandaya, monga ankatitchulira ife obwera, tinkangosuntha kuchoka kuseri kwa balani ya fodya ina kupita kuseri kwa ina. Koma chachikulu, ndikaganiza tsopano, chinali mawu akuti "ine". Mwanayo ankati ine ndinamenyedwa, ine ndinagona panja, ine ndinadwala mpaka kutsala pang'ono. Ndipo iwe womvera unkadziwa kuti ngakhale amenyedwe bwanji safa, poti wakufa safotokoza. Penapake wakhala pampando, wakhuta, cholembera chili m'manja. M'komboni mwathu ana ankadwala n'kufa basi, popanda mutu wotsatira. Nkhani imene mwana wake sangafe inali yokoma kuposa shuga.

Vuto linali limodzi. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo buku lonenepa limene ankalidziwa linali Baibulo lokha. Kwa iwo chosindikizidwa chinali choona. Mwana uja anali munthu, bukulo unali umboni wake, ngati umene anthu amapereka kutchalitchi. Tsiku lina Lachinayi anapita naye ku Mvano, kuti azimayi amupempherere pamodzi ndi odwala a m'komboni. Nditamva ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, munthuyu kulibe. Wina anangokhala pansi n'kupeka."

"Kupeka? Mapepala onsewa? Ndani angawononge ndalama kusindikiza bodza lonenepa chonchi? Nanga bwanji akuti ine?"

"Ndi mmene amalembera, amayi."

"Iwe ndi Fomu 2 yakoyo. Mwana akulira m'buku, iwe ukuti kulibe. Misozi ija unkagwetsa inali ya ndani?"

Ndinasiya. Ndinkaona ngati n'zoseketsa chabe, nanga zikanapweteka ndani?

Kenako zinthu zinathina. Mwini pulazi watsopano analima kagawo kochepa, ntchito ya m'shedi inatha msanga, ndipo tinayamba kuyendera maricho, ndiye kuti ganyu, m'minda ya anthu, malipiro ake mbale ya chimanga. Aphunzitsi a pa sukulu ya pa pulazi anachoka mmodzimmodzi mpaka mbuzi zinayamba kugona m'kalasi. Tinkadya kamodzi, madzulo, sadza, nsima ya mgaiwa, ndi chisoso. Mwana wa mkulu wanga tsitsi linayamba kufiira. Anali mwana wanzeru, wolongolola, wofunsa mafunso mpaka kukutopetsa. Ankalemba masamu pansi ndi kamtengo, n'kudzichongera yekha.

Ndiye kunabwera mlongo wake wa mwini pulaziyo, mayi wa ku Harare, wonenepa bwino, wa galimoto yake. Anamuona mwanayo akutunga madzi pa mpope. Madzulo ake anafika pakhomo pathu, anakana mpando n'kukhala pamphasa, anawomba m'manja mwaulemu wonse. Anati ali ndi ana aang'ono awiri, akufuna kamtsikana kowathandiza pang'ono, kusewera nawo chabe. Sukulu alipira iye, yunifolomu agula iye, pa holide azibwera naye. Anatisiyira shuga ndi mafuta ophikira, n'kuti tiganize, abwerera Lachisanu.

Atangochoka ndinati ayi. Ndinali nditaona atsikana amene anapita ku Chinhoyi ndi ku Harare ndi mawu omwewo. Wina anabwera ndi mimba, wina sanabwere. Ndinati bola tidye chisoso tili pamodzi. Ndinati ndikamulembetsa ku sukulu ya ku Raffingora, ndizimuperekeza wapansi, ngakhale ndinkadziwa kuti analibe chikalata chobadwira, poti mayi ake anafa opanda chitupa.

Amayi anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenako anati, "Mwana uja anatengedwa ndi ndani?"

Poyamba sindinamve. Kenako ndinazindikira kuti akunena mwana wa m'buku uja.

"Amayi, chonde. Ija ndi nthano."

"Anatengedwa ndi mayi wachuma. Wachilendo, wosamudziwa. Akanakakamira kwa amalasha aja bwenzi atafera pamatumba. Unawerenga ndi pakamwa pako iwe."

"Amayi, wolemba ndiye anafuna kuti zithe bwino! Akanafuna akanamupha!"

"Ndiye Mulungu sangafune kuti zithe bwino? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, si ife tokha timadziwa zimenezo."

Tinakangana sabata yonse. Ndinakuwa, ndinalira, ndinafika ponena mawu amene mwana sanena kwa mayi ake. Ndinapita kwa a mkulu wa mpingo, iwo anati mwana ndi wa agogo ake, ine ndine ndani. Azimayi a pamphasa aja onse anali kumbali ya amayi. Wina anachita kundikumbutsa kuti ngakhale kumzindako mwana uja anavutika poyamba, koma taonani mmene zinathera. Asa! Ndinawaphunzitsa ndekha, ndi Chichewa changa chomwe.

Mwiniwake, mwana wa mkulu wangayo, sanalire. Anafunsa ngati ku Harare kuli mabuku a giredi yachinayi. Lachisanu amayi anamusambitsa, anamudzoza mafuta ophikira aja m'miyendo, anamuveka diresi ya kutchalitchi. Polowa m'galimoto anatembenuka nati, "Amayi aang'ono, musamalize bukulo ine kulibe." Tinali titatsala ndi mitu yochepa.

Sindinalimalize chaka chimenecho. Holide yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Tikafunsa mwini pulazi ankati ali bwino, ari kuchikoro, ndiye kuti ali kusukulu, n'kukweza galasi la galimoto. Kenako iyenso pulazi inamukanika, anaisiyira wina, n'kupita osatsanzika. Nambala imene mayi uja anatisiyira inasiya kulowa. Ndinapita ku Harare kamodzi, ndi ndalama ya nkhuku ziwiri, ndikungodziwa dzina la dera. Ndinayenda m'misewu ya mipanda italiitali, agalu akuuwa mkati, ndikufunsa alonda ngati anaona kamtsikana koyankhula Chichewa. Ankandiyang'ana ngati wamisala. Ndinabwerera ndi kombi, minibasi yomaliza.

Amayi sanagwedezeke. Maso awo anayamba kuchita khungu, koma Lamlungu lililonse ankati nditenge buku, ndiwerenge pamene mwana uja afika kumzinda, pamene avala nsapato zoyamba, pamene aphunzitsi amuyamikira. Pokhapo basi, mobwerezabwereza. Ndinkawerenga mano ali gwa. Ndinalida bukulo zaka zimenezo, ndipo chondipweteka n'chakuti ngakhale ndikulida, ndikafika pa nsapato paja nkhaniyo inkandigwirabe mtima. Mpaka lero ndikaliona m'sitolo ya mabuku ndimalitsegula. Ndi buku labwino. Silinaname kwa munthu aliyense, ndife tinalifunsa zimene silikanatha kuyankha.

Mwana wa mkulu wanga uja anabwera patapita zaka zambiri, nthawi yokolola fodya, masana dzuwa lili pamutu. Ndinkachokera kumunda nditamuona ataima pa mpope, mtsikana wamtali, woonda, chikwama cha pulasitiki m'manja. Ndinamudziwira pa chipsera cha pachibwano. Mayi wa ku Harare uja anali atapita kunja kwa dziko ndi ana ake, n'kumupatsa ya basi. Ndinamukumbatira, iye anangoima. Manja ake anali okhakhala ngati a munthu wa m'munda, zala zotupa. Chichewa ankachimva, koma ankayankha m'Chishona, motsitsa mawu, maso ali pansi.

Amayi anavina ndi khungu lawolo. Anapha nkhuku. Anamupapasa nkhope, mapewa, nati wakula, wakhala dona. Ine ndinawanong'oneza kuti timusiye apume kaye, tisamufunse zambiri. Anandikankha ndi chigongono. Lamlungu anaitana azimayi onse amene anatsala m'komboni, anayala mphasa, anatulutsa mpando umodzi umene tinali nawo n'kumukhazika mdzukulu wawo pamenepo. Iwo anakhala pansi pa mapazi ake.

"Tiuze, mwanawe. Kuyambira tsiku lija unakwera galimoto. Usasiye kanthu, ngakhale zowawa. Tikudziwa kuti poyamba pamavuta."

Mtsikanayo anayang'ana manja ake.

"Ndaiwacha, gogo," anatero. Ankachapa.

"Eya. Kenako?"

"Ndaibika. Ndaitsvaira." Ankaphika, ankasesa.

Azimayi anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pa mphasa, palibe anaiingitsa. Amayi anali akumwetulirabe, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu.

"Zimenezo tamva. Tsopano za kusukulu. Unafika fomu yanji?"

Mtsikanayo anakweza maso. Kenako anayankha, ndipo ulendo uno anayesa Chichewa, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati a mwana wophunzira kuyankhula.

"Kusukulu ndinkapita masiku onse, agogo. Kuperekeza ana awo. Ine ndinkathera pa geti."