Kabuleta ya Mimero Iwiri

Galimoto yanga inalowa m'mudzi mwa apongozi anga ikukokedwa ndi ng'ombe. Tinali titachoka nayo ku migodi, ine, mkazi wanga ndi ana, katundu titamanga padenga, ntchito itandithera m'zaka zija mkuwa unagwa mtengo. Inayenda ulendo wonsewo ikutsokomola, koma titangodutsa msika wa Katete inazima, petulo akuchucha pansi. Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, anabwera ndi ng'ombe zawo zolimira n'kutikoka mpaka kumudzi, kufupi ndi Mkaika. Ana a m'mudzi ankatithamangira akuseka. Ine ndinali pa chiongolero, jekete lili m'thupi, ndikuyang'ana michira ya ng'ombe.

Inali galimoto yakale, yobiriwira, ya msana wozungulira. Ndinaigula ndisanakwatire, kwa mzungu wina wa pa mgodi yemwe ankabwerera kwawo. Chomwe chinawonongeka chinali kabuleta, chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mphepo zisanalowe mu injini. Inang'aluka m'mbali. Ndinaimata ndi sopo, ndinaimata ndi phula, koma petulo ankapeza njira yake basi. M'masitolo a ku Katete, ngakhale a ku Chipata, ukafunsa sipeya ya galimoto yotere ankangokuyang'ana.

Choncho galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kukhala mkamwini. Anandipatsa munda wa thonje ndi khasu. Sindikunena kuti anthuwo anali oipa, ayi. Koma mtima wanga sunkakhala malo amodzi. Ndikamapalira, mphepo ikawomba kuchokera ku msewu waukulu, ndinkamva malole akusintha magiya, khasu n'kuima lokha m'manja. Ndikabwera kumunda ndinkakhala pa mpando, kudzuka, kuzungulira nkhokwe, kukatsegula boneti, kuitseka, kukhalanso. Apongozi anga aakazi, omwe mwa mwambo sitinkayankhulana maso ndi maso, anauza mwana wawo kuti amuna ake ali ngati nkhuku yofuna kuikira. Mkazi wanga anandifikitsira mawuwo osaseka.

Ku Katete kunali bambo wina wachisilamu, wobadwira ku Malawi, yemwe anali ndi kasitolo ka misomali, mchere ndi zitsulo za njinga. Ndinkapitako kawirikawiri popanda chogula, kungoti ndione msewu. Tsiku lina anandiitana n'kundilowetsa kuseri kwa kauntala.

"Achimwene, taonani ichi. Wabwera nacho mphwanga kuchokera kutsidya, ku Malawi."

Anafunyulula chisaka. M'katimo munali kabuleta yaikulu kuposa yanga, ya mimero iwiri m'malo mwa umodzi, itamangiriridwa pa manifodi yake, chipaipi cha nthambi chopereka chisakanizo chija ku injini. Manifodiyo inali yoyera, yopepuka ngati mphika wa alumeniyamu. Sizinali zopangidwa ndi eni galimoto. Zinali za anthu ena amene ankapangira okonda liwiro, ndipo bamboyo anati zinachotsedwa pa galimoto ya mtundu wanga yomwe inagubuduzika.

"Zilowa?" ndinafunsa.

"Ine ndimagulitsa misomali, achimwene. Kulowa mukaona nokha."

Ndinawasiyira wailesi yanga ya ku migodi, ndipo chisakacho ndinachimanga pa kaliyala ya njinga ya alamu. Njira yonse ndinkapalasa ndi dzanja limodzi, lina lili kumbuyo kugwira katunduyo.

Inali nyengo yotola thonje, pamene dzanja lililonse limafunika kumunda. Ine ndinkatola m'mawa mokha, dzuwa likakwera n'kuthawira pansi pa mango. Kuchotsa manifodi yakale sikunavute. Ndinapala gasiketi yopserera, chikatoni chotseka mpata pakati pa manifodi ndi injini, ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala, n'kudula ina pa katoni yolimba, kuipaka girizi. Nditayesa manifodi yatsopano, mabowo ake anakumana ndi mabawuti a injini ndendende. Ndinakuwa ndekha. Ndinkaganiza kuti mawa lake ndiyenda.

Mawa lakelo linatalika. Nati imodzi ya pansi inabisala kuseri kwa nthambi ya manifodi, sipanala osafikako. Ndinachita kuwotcha sipanala pa makala n'kuipinda, ndipo ngakhale apo natiyo inkatembenuka pang'onopang'ono, zala zikusupuka. Nditamaliza, ndinapeza kuti ndodo yochokera ku chopondera mafuta inkafika kumanja, pomwe kabuleta yatsopano inkafuna kukokedwa kumanzere. Paipi ya petulo inali yaifupi. Chilichonse chomwe ndinkakonza chinkabala china.

Alamu ankabwera madzulo, thonje lili m'mutu, n'kukhala pa tayala.

"Alamu, motoka iyi mwaikwatira kachiwiri? Mlongo wanga tikamuuze kuti ali pa mitala?"

"Gwirani apa, musiye zolongolola."

Iwo ndi amene anasolola ndodo ya buleki pa njinga yawo ina yakufa. Tinaipinda, inalakwika, tinaiwongola, tinaipindanso, mpaka inadutsa pamwamba pa injini n'kukafika kumanzere. Sipuling'i yobweza ndodoyo ndinaichotsa pa bedi lathu lachitsulo, ndipo kuyambira pamenepo bedilo linali ndi dzenje mbali yanga. Paipi ya petulo tinailumikiza ndi ina yomwe ndinapempha kwa mwini chigayo.

Tsiku lina masana mkazi wanga anabwera ndi dengu la thonje, n'kukhala pa mphasa pafupi ndi galimoto, akuchotsa zinyalala m'thonjemo. Sankakonda kufika pamenepo. Ine mutu unali mu injini.

"Abambo, ndifunseko. Ikalira, mupita kuti?"

Ndinanamizira kuti sindinamve.

"Ndati mupita kuti?"

"Iyambe yalira kaye."

"Munthu sathyola bedi asakudziwa komwe akupita."

Ndinatulutsa mutu mu injini, n'kuyamba kuganiza za malo. Ku migodi ntchito kunalibe. Ku Lusaka ndinalibe m'bale wondisunga. Kwathu kwenikweni, cha ku Vubwi, amayi anali atamwalira, ndipo minda inali m'manja mwa alongo anga ndi amuna awo. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti ndikufuna kumva msewu ukuyenda pansi panga. Iye anasenza dengu lake n'kupita. Ndinaganiza kuti wakwiya, akuopa kuti ndimuthawa ndi ana. Masiku otsatira tinkangoyankhulana za mchere ndi madzi osamba.

Chomaliza chinali sefa ya mphepo, chibekete chokhala pamwamba pa kabuleta kuti fumbi lisalowe. Kabuleta yatsopano inali yaitali, ndiye boneti inakana kutsekeka. Ndinadula chibeketecho ndi sowo, komabe boneti inkagunda. Pomaliza tinaizula boneti, kuigoneka chagada pa mchenga, alamu n'kuikhoma ndi musi kufikira inatupa pakati. Titaibwezera inatsekeka, koma galimoto inali ndi linunda ngati ng'ombe yamphongo. Mtima unandiwawa, poti galimotoyo ndinkaipukuta Lamlungu lililonse ku migodi kuja.

Petulo ankasowa masiku amenewo. Ndinapeza chigubu chimodzi kwa dalaivala wa lole ya thonje. Batire inali itafa kalekale, choncho Loweruka m'mawa alamu anaitana amuna anzawo kuti akankhe. Ndinathira petulo pang'ono m'mimero yonse iwiri, ndinalowa, ndinaika giya yachiwiri. Anakankha kutsetsereka kunjira ya kudambo. Ndinasiya kilachi. Inagwedezeka, inatsokomola, zii. Anaibweza, anakankhanso. Zii.

Ndinatsika, ndinachotsa sefa, n'kuuza alamu akhale pa chiongolero kuti ine ndiyende pambali ndikusuzumira, boneti ili yotsegula. Atasiya kilachi, kabuleta inalavula moto, phuu! Ndinagwa chagada m'maudzu. Nsidze zonse zinapita. Amuna aja anaseka mpaka wina anakhala pansi, koma pakati pa kusekako tinamva injini ikulira. Inkalira mokuwa, ikuthamanga yokha popanda woponda, ndi kamluzu kosatha. Ndinadzuka n'kuyamba kufufuza ndi chala komwe kamluzuko kankachokera. Pansi pa manifodi panali kabowo komwe sindinakaone, kakuyamwa mphepo. Nditakatseka ndi chala, injini inatsika mawu. Alamu anasema kamtengo n'kukhomerapo.

Kenaka ndinatenga sikuludiraiva n'kuyamba kutembenuza tizomangira ta kabuleta, khutu lili pafupi. Ukalowetsa kwambiri injini inkanjenjemera ngati ikufa. Ukatulutsa kwambiri utsi wakuda unkatuluka kumbuyo. Ndinapita uku, ndinabwerera uku, mpaka inayamba kulira mosalala, galasi la pachitseko litasiya kugwedera. Ndinabwezera sefa, ndinatseka boneti.

Nditatembenuka kuti ndilowe, ndinapeza mkazi wanga ali kale pa mpando wa kutsogolo. Anali atavala diresi lake la ku tawuni ndi nsapato, mwana wamng'ono ali pamiyendo.

"Amayi, ndikungoiyesa. Ingathe kutifera panjira."

"Tiyeni."

Tinatuluka m'mudzi, nkhuku zikubalalika. Titafika pa msewu waukulu ndinaima, poti sindinali nditaganiza zokhotera kuti. Iye analoza ndi chibwano cha ku Sinda.

Pa tala galimoto inayenda ngati kale, mwaulemu. Koma kabuleta ya mtundu umenewu imagwira ntchito ndi mmero umodzi ukamaponda pang'ono. Wachiwiri umatseguka ukapondereza. Titafika pamalo owongoka ndinapondereza. Kunamveka kubuula kwakuya pansi pa linunda lija, msana wanga n'kukanikizika ku mpando. Mitengo inayamba kuthawira kumbuyo. Galimoto imeneyi ndinakhala nayo zaka zambiri, koma sinachitepo zotere. Ndinachita mantha chifukwa cha mwana ndi matayala okalamba, n'kuchotsa phazi.

"Mwasiyiranji?" anatero mkazi wanga. "Pondaninso."

Ndinamuyang'ana. Duku linali litagwera pa phewa, maso ali mbee ku msewu. Ndinapondanso pang'ono, iye n'kuseka mokweza, kuseka komwe sindinakumve chichokereni ku migodi.

Ku Sinda tinaima pa msika, injini ndinaisiya ikulira poopa kuti ikazima tisowa otikankha. Anagula nthochi, n'kubwerera m'galimoto, n'kuyamba kuyankhula asakundiyang'ana.

"Inu mumaona ngati wotopa ndi mudzi ndinu nokha. Inu mumathawira pansi pa mango. Nanga ine ndithawire kuti? Kuchitsime amayi, kumtondo amayi, ndikaphika ati mchere wachepa. Ndine mayi wa ana, koma pamenepaja ndine kamtsikana. Ku migodi ndinali ndi tebulo langa pa msika, ndinkagula ndiwo zomwe ndafuna."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinakufunsani kuti mupita kuti. Ndinkafuna munene malo, ine ndiyambe kumanga katundu."

Miyezi yonse ija ndinkamuyesa mlonda wa apongozi. Ndinamuuza zoona, kuti malo ndinalibe. Anati iye anali nawo: ku Katete komweko, pa boma. Kuseri kwa sitolo ya bambo wachisilamu uja kunali chipinda chopanda munthu, anali atafunsa kale kwa akazi awo. Tikachotsa mpando wa kumbuyo, matumba a mtedza ndi nyemba angalowe. Ine ndizikatenga kumidzi, iye azigulitsa.

Pobwerera petulo anatithera tisanafike pokhotera kumudzi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mmero wachiwiri uja umamwa ngati munthu wa pa maliro. Tinaikankhira m'mbali mwa msewu, ine n'kutsala ndikuilondera, iye n'kuyenda wapansi ndi mwana kumsana kukaitana alamu.

Kusamuka sikunali kophweka. Apongozi anakana poyamba, amvekere mkamwini akuba mwana wawo. Amene anakayankhula nawo anali mkazi wanga mwini, pamodzi ndi alamu, ndipo thonje litagulitsidwa anatilola. Munda sitinausiye, tinkabwerako nthawi ya dzinja.

Sindinganene kuti mtima wanga unakhazikika. Ku Katete ndinkadzukabe ndi kutsegula boneti popanda chifukwa, kutembenuza tizomangira tija pofuna kuti idye petulo wochepa, mawa lake n'kutibwezera pomwe tinali. Kamtengo ka alamu kankauma n'kugwa, ndipo ndinkayenda ndi tina m'thumba. Tikakhala sabata osapita kulikonse ndinkayamba kukangana ndi ana pa zinthu zopanda pake, mkazi wanga n'kunena kuti, "Pitani mukafunse nyemba ku Vubwi," ngakhale nyemba zinalipo.

Chaka chotsatira anandiuza kuti ndimuphunzitse kuyendetsa. Tinkapita pa bwalo la mpira la sukulu ana akaweruka. Magiya anawagaya, mpanda wa munthu wina anaugwetsa, koma anaphunzira. Ulendo wina tikuchokera ku Vubwi, galimoto itadzaza nyemba mpaka kudenga, dzanja langa linatupa chifukwa cha kulumidwa ndi mavu, iye n'kukhala pa chiongolero. Anayendetsa njira yonse ya mapiri ija mosamala, akuzemba maenje, anthu m'midzi akuima kuti aone mzimayi akuyendetsa motoka. Ine ndinali pambali, phazi likuponda buleki yomwe kunalibe. Titakwera pa tala anandiuza kuti ndigwire bwino thumba lomwe linali pamiyendo panga, kenaka anapondereza.