Mbale Zisanu za Lachitatu

Tsiku limenelo tinkayanika makaka a chinangwa pathanthwe kuseri kwa nyumba yathu, kwathu ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anali atabereka mng'ono wanga Rosa kumbuyo. Abambo ankamata nkhokwe. Achimwene anga a Zuze anali atapita kudambo ndi mbuzi.

Mfuti yoyamba inamveka ngati nsungwi ikuphulika pamoto. Yachiwiri inalira pafupi. Amayi anandigwira mkono n'kuthamangira nane m'munda wa chinangwa.

Ine ndinapulumuka m'manja mwawo n'kubwerera kukaitana abambo. Ndinali mwana wosamva, ndipo mpaka lero sindinasinthe kwenikweni.

Ndinawapeza atagona chafufumimba pafupi ndi nkhokwe. Dothi lomatira linali likadali lonyowa m'manja mwawo. Ndinawagwedeza phazi. Sanayankhe. Nkhuku zinkangotola chimanga chimene chinatayika pambali pawo.

Nditabwerera m'munda muja, amayi anandifunsa ndi maso okha. Ndinati abambo akubwera m'mbuyo, akufuna kaye achimwene. Sindidziwa chimene ndinanenera choncho.

Tinayenda masiku angapo. Tinkadya mango osapsa. Mtsinje wa Ruo tinawoloka madzi akundilekeza m'khosi, Rosa ali pamutu pa amayi. Lole ina inatitenga ku Mulanje, kwinako tinayendanso wapansi mpaka kwa Mpama kuno, kumene azakhali awo a amayi anakwatiwa. Tinapeza kuti anamwalira kalekale. Anthu a pamudzipo anatipatsa khitchini yakale kuti tizigonamo.

Pamudzipo panali chinthu chimene kwathu kunalibe. Azimayi ankasunga chakudya cha anthu ovutika m'kachipinda kamalata kuseri kwa tchalitchi. Ankangoti kusitolo, ngakhale simunkagulitsidwa kanthu. Palibe ankalipidwa. Nthawi yokolola khomo lililonse linkabweretsa lichero la chimanga. Analinso ndi munda wa gulu wa nandolo, umene ankalima mosinthana Loweruka m'mawa. Chimangacho ankachithira phulusa kuopa anankafumbwe. Pachitseko panali maloko awiri. Kiyi wina ankasunga mayi wa kutchalitchi, wina Abiti Ali a kumzikiti, kuti pasapezeke wotsegula yekha.

Ankagawa Lachitatu. Munthu aliyense wa pakhomo ankalandira mbale imodzi ya chimanga ndi kapu ya nandolo. Wolandira ankayeneranso kugwirako ntchito, kaya kusesa, kaya kupeta.

Lachitatu loyamba Abiti Ali anafunsa, "Mayi, muli angati pakhomopo?"

"Asanu," anatero amayi. "Enawo akubwera m'mbuyo."

Abiti Ali anatiyang'ana ife atatu. Anayeza mbale zisanu, zodzaza mpaka kusefukira.

Titafika kunyumba amayi anapungula mbale ziwiri n'kuthira mumtsuko, n'kuvundikira ndi phale. Ife tinkadya zitatu zokha. Ankatero mlungu uliwonse. Dzuwa likapendeka ankakakhala m'mbali mwa msewu, kuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika basi. Ine ndinkakhala nawo limodzi, n'kumayang'ananso.

Itafika Febuluwale, chimanga cha kusitolo chinatsika. Mbale zinasiya kusefukira. Ankazisalaza ndi dzanja. Kenako anayamba kupereka theka.

Tsiku lina ndikusesa kuseri kwa matumba, ndinamva azimayi akukangana. Ena ankati alendo ajawa akutinamiza, ali atatu koma amalandira za asanu. Abiti Ali anayankha mosakweza mawu.

"Mayiyo sakuba ayi. Akudikira."

Madandaulo aja sindinakwiye nawo. Anali olondola. Tsiku lomwelo kunabwera agogo ena osaona, a Matiyasi, atatsogozedwa ndi ndodo yawo yokha. Anawathirira theka la mbale. Ndinawaona akupisa dzanja m'kathumba kawo, zala zikufufuza pansi pake ngati mwina chimanga china chabisala pakona. Anathokoza n'kumapita. Kwathu mtsuko unali utatsala pang'ono kudzaza. Wakuba pamudzipo ndinali ine, ndipo ndinachita manyazi oti sindinawamvepo.

Ndinawauza amayi pobwerera, panjira yodutsa m'munda wa nandolo. Iwo anali patsogolo, thumba lili pamutu. Ndinalankhula ndi msana wawo.

"Amayi, abambo sakubwera. Ndinawaona pankhokwe paja."

Anaima. Anatula thumba pang'onopang'ono kuti chimanga chisatayike. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndinawafunditsa kanthu. Ndinati ayi.

Sanandimenye. Akanandimenya, mwina bwenzi nditaiwala. Anangokhala pansi pamzere, n'kumasula Rosa kumbuyo, n'kuyamba kumuyamwitsa ngakhale mwanayo sankalira. Misozi inkagwera pamutu pa Rosa. Anthu ochokera kuchigayo ankangotilambalala.

Lachitatu lotsatira amayi anasenza mtsuko uja kupita nawo kusitolo. Anakhuthulira theka palichero. Chimanga china anankafumbwe anali atachiboola kale, ndipo azimayi anayamba kupeta. Theka linalo amayi anavundikiranso.

Abiti Ali anafunsa monga mwa masiku onse. "Mayi, muli angati pakhomopo?"

"Anayi."

Anayeza zinayi. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti mbale yachinayiyo Abiti Ali ankaibweza kusitolo kuchokera m'nkhokwe yawo, mpaka tinakolola zathu.

Lero kiyi mmodzi ndimasunga ndine. Maloko akadali awiri. Munda wa nandolo ulipobe, ngakhale atsikana a masiku ano amafika kumunda dzuwa litakwera, foni ili m'manja, ndipo ndimawakalipira mpaka amandithawa. Koma munthu akanena chiwerengero chosagwirizana ndi anthu amene ndikuwaona, sindifunsa kawiri. Ndimayeza. Mawa lake ndimapita kukamuchezera kunyumba.

Nkhondo itatha ndinapita kwathu kuja. Pamene panali nkhokwe panamera mtengo. Palibe anandiuza amene anaika abambo m'manda, kapena ngati anaikidwa n'komwe. Za achimwene a Zuze, ena ankati anatengedwa ndi asilikali pamodzi ndi mbuzi, ena ankati anawaona akuthawira kuphiri. Ndinafunsa mpaka ndinatopa.

Rosa ali moyo, amagulitsa tomato pamsika wa Namadzi. Za ulendo uja sakumbukako kanthu. Amayi anamwalira kuno atakalamba, ndipo tinawaika kwa Mpama komwe kuno. M'masiku awo omaliza kuchipatala, namwino anawafunsa kuti ali ndi ana angati oti aziwadikirira. Ine ndi Rosa tinali titaima pomwepo.

"Atatu," anatero amayi. "Wamkuluyo sanafike."