Mpando wa Kutsogolo

Chaka chimene mbendera inasintha, amuna anga anagula motoka kwa mzungu wa kumgodi amene ankabwerera kwawo. Mu Chamboli monse anthu ankayenda pansi kapena panjinga, ndiye Lamulungu popita ku Misa ine ndinkakhala kutsogolo, duku latsopano kumutu. Musandiseke. Mpando umenewo ndiwo unkauza komboni yonse kuti mwini khomo lija ndine.

Mvula itayamba, amuna anga anagwetsera tayala la kutsogolo m'ngalande pochokera kuntchito. Anthu anawathandiza kukankha, iwo n'kuiwala. Koma kuyambira pamenepo motoka inkangokokera kumanzere. Akangofewetsa manja pachiwongolero, iyo yalunjika kuudzu. Kumanzereko n'kumene ndinkakhala ine, ndipo ndinali ndi pakati.

"Amake mwana, mwalemera," anatero tsiku lina. "Muzikhala kumbuyo kwanga kuno kuti katundu alingane."

Amuna anga anakulira pangolo kwathu kum'mawa. Ngolo ikapendekeka, umasuntha thumba la chimanga, nkhani yatha. Ndiye thumbalo ndinali ine. Ndinasamukira kumbuyo, motoka osasintha. Anawonjezerapo thumba la mchenga pambali panga, osasintha. Kenaka anayamba kupita ku Ndola Loweruka lililonse, okhaokha, ati akufunafuna makanika wodziwa. Makanika a mu Kitwe muno anali atafa onse kodi?

Kumpopi azimayi sanachedwe. Mnansi wanga, Mbemba wa pakamwa pakuthwa, anandiyang'ana mimba n'kunena motsitsa mawu: "Mukwai, mpando wa kutsogolo sugona ndi njala." Ndinaseka nawo, koma mtima unali m'mwamba. Ndinkasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinkayamba kuchapa, n'kusiya, n'kupita kumsewu kukayang'ana, n'kubwerera. Ndinkaopa kuti andichotsa kutsogolo kuti akhalepo wina.

Tsiku lina ndikutsuka motokayo ndinapisa dzanja kuseri kwa tayala lija kuchotsa matope. M'mphepete mwa m'kati munali mutasalala ngati mpini wa khasu, pamene kunja mano anali onse. Ndinakagwira linzake la kumanja, lili bwinobwino. Ndinaganiza kuti ngati ndine ndikulemera, tayala likanatha lonse, osati mbali imodzi. Ndiponso kumeneko ndinali nditachokako kalekale.

Ndinatuma mawu kwa achimwene anga, amene ankagwira ntchito pagalaja ina m'tauni. Anabwera Lamulungu masana ndi sipanala m'thumba la jekete. Amuna anga anawalonjera bwino, koma maso ali kwina.

"Alamu, musadzivute, ku Ndola kuli munthu akuiona."

"Akuiona ndi maso okha ameneyo," anatero achimwene. "Mlongo, masula chingwe choyanikira zovala."

Anaimika motoka pamalo osalala, chiwongolero chili pakati penipeni. Anamanga chingwe kutayala la kumbuyo n'kuchikoka mpaka la kutsogolo, ine nditagwira kunsonga. Kumanja chingwe chinagona bwino, chikukhudza tayala uku ndi uku. Kumanzere chinakhudza kutsogolo kokha, kumbuyo kwake kuli mpata wolowa chala.

"Mwaona? Anzake akuyang'ana msewu, ili likuyang'ana kutchire. Likuyenda chokhukhuluzika, n'chifukwa chake latha m'kati. Munagunda chiyani, alamu?"

"Ngalande," anayankha pang'onopang'ono.

Achimwene anagona pansi pa motoka pasaka. Pali kachitsulo kataliko kamene kamalumikiza tayala ndi chiwongolero. Anamasula nati yake, n'kukapotoza pang'ono, n'kutuluka kudzayang'ana chingwe. Kulowanso, kupotoza, kutuluka. Ine mikono inatopa, miyendo osakhazikika, ndikungofuna zithe ndidziwe. Amuna anga ankazungulira motoka ngati nkhuku yofuna poikira. Mpata utatsekeka, achimwene anamanga nati, n'kusuntha tayala lothalo kupita kumbuyo. Thumba la mchenga analitaya okha kumpanda, akuseka.

"Kayeseni. Mlongo wangayu sanalemerepo chibadwire."

Sindinadikire kuuzidwa. Ndinatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala. Tinatuluka m'komboni, kudutsa malole a kumgodi, mpaka tinalowa msewu wa ku Ndola. Pamalo owongoka ndinati, "Siyani chiwongolero." Anasiya. Motoka inayenda mowongoka ngati yaikidwa panjanji. Ndinaseka mpaka misozi, mwana m'mimba akugunda.

Iwo sanaseke. Tinayendako pang'ono, kenaka anapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Anakhala akuyang'ana manja awo.

"Amake mwana, poyamba ndinkakhulupiriradi kuti ndi kulemera. Koma kenaka zinandikomera kuti zikhale choncho. Ku Ndola kulibe makanika. Kuli mayi wina ku Kansenshi. Nayenso ali ndi pakati."

Zimene ndinkaopa zinali zomwezo, komabe zinandiwawa ngati sindinaziganizirepo. Ukali unakwera mpaka m'makutu. Basi ya ku Kitwe inadutsa, anthu akutiyang'ana pawindo, mwamuna ndi mkazi wake m'motoka yawo.

Amuna anga analiza injini n'kuyamba kukhotetsa kuti tibwerere kunyumba. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ayi, bambo. Tiyeni ku Ndola komweko. Akandione ndili kutsogolo."