Mayi Olive Makwinja, amene anakana kuikira mwana wawo kumbuyo

Abusa andipempha kuti ndilembe mbiri ya Mayi Olive Makwinja m'kalata ya mpingo wathu kuno ku Bangwe. Ndilemba, koma ena a inu simukondwa nayo.

Anabadwira ku Thyolo, m'banja la othyola tiyi, ndipo sukulu analekezera Sitandade 3. Anakwatiwa ndi a Onesimo, kalaliki wa pafakitale ina ku Makata, bambo wa tayi amene Lamulungu ankakhala mpando wakutsogolo. Kunyumba ankamenya mkazi. Akatha, ankanena m'Chingerezi kuti, "You made me do it."

Tsiku lina tikuweruka ku Mvano Mayi Makwinja anandikokera pambali, poti ine ndinali mphunzitsi, n'kunditchulira mawuwo.

"Aphunzitsi, zimenezi zikutanthauza chiyani?"

Ndinawauza kuti bamboyo akuti wolakwa si iye, mwamuchititsa ndinu. Iwo anati, "Ine ndimayesa akupepesa."

A Onesimo atamwalira, mayiwa analera mwana wawo mmodzi yekhayo, Limbikani, ndi geni ya makala. Kusesa m'tchalitchi, kuzonda odwala, kugona pamaliro, sankajomba. Kufika apa nonse munkawatcha mayi wachitsanzo.

Limbikani anakula n'kukwatira Thandie. Tsiku lina Thandie anatulukira kwa apongozi akewa diso litatupa, mwana kumbuyo. Ankhoswe atakhala pansi, Limbikani analankhula mawu a bambo ake aja, Chingerezi chake chomwecho. Aliyense ankadikira kuti mayi anene zoti banja ndi kupirira. Iwo anati, "Dzanja ndi lako, Limbikani. Palibe anakunyamulira. Thandie sabwererako."

Mayiwa anasunga Thandie m'nyumba mwawo. Limbikani analumbira kuti alibenso mayi, ndipo sanapondenso pakhomopo. Inu nomwe amayi anzanga munayamba manong'onong'o, akuti nkhalamba yapasula banja la mwana wake, kaya yadyetsedwa chiyani. Pabenchi munkasendera kutali. Ndinakwiya nanu, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Iwo sanayankhe munthu. Lachinayi lililonse ankavala yunifolomu yawo n'kupempherera mwanayo pomutchula dzina, misozi ili mbwembwembwe.

Anatisiya mwezi wathawu, masana, mwamtendere, mutu uli pamiyendo ya Thandie. Mawu awo omaliza anali akuti, "Limbikani akabwera mumupatse mpando ndi chakudya. Koma Thandie musamupereke."

Anabweradi tsiku loika maliro, ankhoswe ake ali pambuyo, akuti zakale zithe, mkazi abwerere. Ena a inu munagwedezera mutu, ndinakuonani. Mpando tinamupatsa, chakudya anadya. Anabwerera yekha.